Wafika mnyamata wathu, zikomo Chizumulu

Wafika. Ilala inamutsitsa ku Nkhata Bay, anagona kumeneko usiku umodzi, ndipo dzulo madzulo walowa m'nyumba. Wawonda, kolala ya shati ikuchita kulendewera ngati anabwereka, koma akuyenda yekha ndipo wadya nsima mitanda itatu. Ambuye alemekezeke. Ife a banja pamodzi ndi a komiti amene tinamutuma tati tilembe pano, pakuti mafoni akuchuluka ndipo enafe maso akulemera ndi tulo ta miyezi.

Zaka 2 za utumiki wake pa chilumba cha Chizumulu zatha. Za malungo amene anadwala mu July mukuzidziwa kale, ambiri munali nafe pa mapemphero a usiku uja. Tikuthokoza abusa ndi akuluampingo a pachilumba amene anamulandira ngati mwana wawo, aphunzitsi a pa sukulu ya pulayimale amene anamupatsa kalasi ya masana, achipatala a pa Chizumulu ndi a ku St Peter's pa Likoma, ndiponso amayi a Mothers' Union amene ankasinthana kumuphikira phala. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsapo.

Koma tikhululukireni, mawu ambiri apita kwa munthu mmodzi, agogo a pa mlambe. Dzina sitilemba, iwo eni sakonda zotchulidwa pagulu, koma aliyense wa kumeneko akudziwa nyumba imene ili pansi pa mlambe waukulu uja panjira ya kutchalitchi.

Mnyamatayu anapita ndi Baibulo, gitala ndi mabuku a Sande sukulu. Zimene zimasunga munthu pachilumba analibe ngakhale chimodzi, ndipo ife omutuma sitinamukonzekeretse mokwanira, tivomere. Chizumulu ndi kachilumba kakang'ono ka miyala, chimanga sichichita bwino, chakudya chenicheni ndi chinangwa. Ufa wa chimanga umachita kubwera pa sitima, ukatha watha mpaka sabata inayo. Sabata yachitatu yokha iye anadya kondowole, nsima ya chinangwa, wa ufa wogula mwachangu, nayamba chizungulire ndi kusanza. Agogo atanunkhiza ufawo anangoti uwu sunagone m'madzi, nautaya.

Tilembe pano mmene anamuphunzitsira, chifukwa wina akupita kukalowa m'malo mwake. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni, ndipo amachoka ndi madzi ndi dzuwa basi. Umachisenda, n'kuchiviika m'madzi masiku 3 kapena 4, nyengo yozizira ya June ndi July mpaka 5, kufikira chitafewa moti chikuphwanyika ndi zala. Ukachivuula umachotsa mtsitsi wa pakati, kuchifinya, n'kuchiyanika pa thandala kapena pa mwala masiku 2 kapena 3 mpaka chiume gwa. Kenako mtondo ndi sefa. Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi changu: njala ikavuta anthu amavuula tsiku lachiwiri, kapena kukachita mitambo amasinja chisanaumitsitse, ufa n'kuchita nkhungu. Kuphika kwakenso n'kosiyana ndi nsima ya mgaiwa. Palibe zoyamba ndi phala. Madzi awire kaye, uphule mphika, uupanikize ndi mapazi, uthire ufa wambiri nthawi imodzi n'kuvundula ndi mphamvu zonse. Ukachita ulesi pamenepo umadya zibuluma. Mithiko iwiri inathyoka m'manja mwa mwana wathuyu asanadziwe, ndipo agogo ankangoseka n'kumupatsa wina. Chigwada nachonso n'chimodzimodzi, usinje bwinobwino ndipo chiwire nthawi yaitali mphika uli wosavundikira.

Madzi. Nyanja ili pakhomo, yoyera mbee, ndipo mlendo amaganiza kuti angomwa. Mnyamatayu anafika dziko likungotuluka mu kolera wa 2022 ndi 2023 uja amene anavuta kwambiri m'mbali mwa nyanja, choncho agogo sanalole zoseweretsa. Kachivindikiro kamodzi ka WaterGuard mu ndowa ya malita 20, kuvundula, kudikira mphindi 30, ndowa yovundikira, kapu yotungira yakeyake yosamwera. Madzi akavunduka ndi mafunde, ayambe adikha kapena asefedwe pa nsalu, mankhwala n'kuwonjezera kawiri. Kusamba anamuletsa pa bango ndi pamadzi odikha a m'mphepete pomwe pamakhala nkhono za likodzo. Ngakhale anasamala chotero, achipatala anamupatsabe praziquantel, mankhwala a likodzo, monga mwa sikelo yake, 40 mg pa kilogalamu, ndiye kuti mapiritsi 4 a 600 mg kwa munthu wa makilogalamu 60, pomwera atadya. Atiuzanso kuti akamwenso pakapita miyezi iwiri kuchokera tsiku lomaliza kulowa m'nyanja, chifukwa mankhwalawa sapha nyongolotsi zikadali zazing'ono. Amene munamuyendera kumeneko n'kusambira, nanunso mwamva.

Ngakhale ntchito ya Mulungu imene, anamukonzera ndi agogo omwewo. Miyezi yoyamba ankaika phunziro la Baibulo la anyamata 7 koloko m'mawa, kumabwera anthu awiri, wina n'kumaodzera. Anayamba kudandaula m'mauthenga kuti achinyamata a kuno mitima ndi youma. Agogo anamutengera kugombe m'bandakucha kuti aone yekha. Mwezi ukakhala mumdima anyamata amachezera panyanja ndi nyali ndi ukonde wa chilimira kusaka usipa ndi utaka, amakocheza kukucha, kugawana nsomba, kuyanika pa thandala, kenako tulo. Munthu woteroyo 7 koloko umupeza bwanji? Nthawi yabwino ndi cha m'ma 3 masana, atadzuka, akusoka maukonde, asanayambe kukonza nyali. Ndipo misonkhano ikuluikulu iziikidwa mwezi ukakhala wathunthu, pamene kuwala kwa mwezi kumalepheretsa nyali kukoka nsomba ndipo ambiri sapita panyanja. Atasintha motero, phunziro linasamukira pamchenga pafupi ndi maukonde, ndipo gulu lija lero likuyendetsedwa ndi anyamata a komweko. Kalendala ya utumiki pachilumba imalembedwa poyang'ana mwezi kumwamba, zimenezi ku komiti kuno palibe anazidziwa.

Tsiku lake linkayenda chonchi: kutunga madzi kusanatenthe, mapemphero a m'mawa, kuyendera odwala ndi okalamba wapansi popeza misewu ya galimoto kulibe, kalasi ya ana masana, asodzi madzulo, kwaya Lachinayi ndi Loweruka. Nkhuni n'zosowa, zambiri zimachokera tsidya la Mozambique pa mabwato, choncho anaphunzira kuphika kamodzi ndiwo za tsiku lonse. Ndalama tinkatumiza pa foni, koma kutapa kumadalira ngati ejenti ali nazo m'manja tsiku limenelo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kathandizo kathu ka pamwezi kanasanduka ka sopo ndi mchere. Sanatiuze msanga. Tinadzamva pambuyo pake kuti miyezi imeneyo mbale yake inkachokera kwa agogo, m'mawa ndi madzulo, mayi wamasiye amene alinso ndi zidzukulu zake zodyetsa.

Apa mpomwe tinene pang'ono, mosakwiya. Tsiku lomutsanzika kutchalitchi manja anakwera ambiri polonjeza za mwezi ndi mwezi, ndipo zithunzi munajambulitsa naye zokongola, zina zikadali pa Facebook. Amene anasunga lonjezo mpaka kumapeto akukwana m'dzanja limodzi, ndipo awiri mwa iwo ndi ana a sukulu. Enanu tizithunzi ta manja opemphera tinkatiwona, zikomo, kungoti boti siliyendera timeneto. Tasiya pomwepo.

Za malungo aja tifotokoze chimene chinalakwika, mwina wina apulumukirapo. Anayezetsa, anamupeza nawo, anapatsidwa LA. Munthu wamkulu amamwa mapiritsi 4 kawiri pa tsiku kwa masiku 3, onse pamodzi 24, ndipo ulendo wachiwiri umamwedwa patapita maola 8 kuchokera pa woyamba. Amafuna chakudya cha mafuta pang'ono, kaya phala la nsinjiro kaya mkaka, kuti alowe bwino m'thupi. Iye ankamwera madzi okha chifukwa chosowa chilakolako cha chakudya, ndipo tsiku lachiwiri atamva kupepuka anasiya, nanyamuka kukachititsa msonkhano wa ana mbali ina ya chilumba. Tizirombo tinangogona. Patatha masabata awiri tinadzuka ndi ukali, kutentha thupi, kusanza chilichonse, mpaka kuyamba kubwebweta. Neti anali nayo, koma inali yobooka pakona, ndipo madzulo ambiri ankakhala kugombe ndi asodzi mpaka usiku atavala malaya a manja aafupi.

Anamupeza ndi agogo, ataona kuti dzuwa lakwera chitseko chili chotseka. Anaitana anyamata, anamunyamula pa mphasa mpaka kuchipatala cha pachilumba. Kumeneko anamubaya jakisoni woyamba wa artesunate, mankhwala a malungo aakulu, madzulo amenewo n'kunena kuti apite ku Likoma. Jakisoni ameneyu amabayidwa poyamba, kenako pa maola 12, kenako pa maola 24, ndiye kuti panali mpata wa usiku umodzi. Koma unali mwezi wa mwera. Amene simunaione nyanja mu July, mphepo imeneyi imachokera kummwera ndipo imatha kuwomba masiku angapo osapuma, mafunde n'kumaposa msinkhu wa munthu, pamene pakati pa Chizumulu ndi Likoma pali madzi a makilomita ngati 10 opanda pobisala. Anyamata a kwaya mwa chikondi chawo ankafuna kunyamuka usiku womwewo. Agogo anakaniza. Akuti anawauza kuti nyanja iyi inamiza bishopu, inu ndinu ndani. Ankanena za Chauncy Maples, amene boti lake linagubuduzika ndi mphepo mu 1895 atangodzozedwa kumene kukhala bishopu wa Likoma, manda ake ali ku Nkhotakota. Anawerengera ndi achipatala kuti akanyamuka m'bandakucha, pamene mwera umayamba wapumako, akafika nthawi ya jakisoni wachiwiri isanadutse.

Usiku umenewo sanagone. Anayenda ndi tochi khomo ndi khomo kwa eni maboti kupempha petulo, uyu lita imodzi, uyu malita awiri, mpaka chigubu chinakwana ulendo wopita ndi wobwerera. Boti la injini linali la mwana wa mlongo wawo, ndipo sanalipiritse. M'botimo anamugoneka chammbali pa mphasa kuti akasanza asatsamwe, anamufunditsa pulasitiki pamwamba pa bulangete chifukwa cha madzi olowa, ndipo agogo anakhala atamugwira mutu pamiyendo, n'kumamuika shuga pang'onopang'ono kunsi kwa lilime monga anawauzira anamwino, popeza malungo aakulu amatsitsa shuga m'thupi. Anafika pa Likoma atanyowa onse, jakisoni wachiwiri anabayidwa pa nthawi yake.

Masiku 6 amene anakhala mu wodi, gadiyani anali agogo omwewo. Ife kuno tinali kudikira tsiku la sitima, pakuti Ilala imadutsa kamodzi pa sabata kulowera kumpoto ndi kamodzi kubwerera. Iwo ankagona pansi pa chitenje, kuchapa, kuphika kukhitchini ya odikirira odwala, ndipo m'mawa uliwonse ankalowa mu tchalitchi chachikulu cha St Peter's chija chimene anayamba kumanga mu 1903 pa Chipyela, kukagwada. Atatuluka m'chipatala, mapiritsi 24 a LA omalizira ankasunga okha m'chikwama chawo, kumupatsa ndi dzanja lawo pamodzi ndi phala la nsinjiro, n'kumuuza kuti atsegule pakamwa aone ngati wameza. Mnyamata wa digiri yake. Anamvera.

Ambuye Yesu, Inu amene munadzudzula namondwe panyanja, kumbukirani mayi ameneyu. Mudalitse maondo awo amene akuwawa, mudalitse zidzukulu zawo, mphika wawo usaume. Amen.

Tikuthokozanso mwini boti uja ndi anyamata 4 amene anapita nawo kukapungula madzi, asodzi onse amene anapereka petulo wa ntchito yawo ya usiku umenewo, mayi wa ku Nkhata Bay amene ankalandira katundu wathu n'kumukweza pa sitima osatopa, ndi inu a gulu la mapemphero la 4 koloko m'mawa amene simunaphonye tsiku.

Mtsikana amene akukalowa m'malo anyamuka mwezi wamawa. Ofuna kuthandiza, zofunika ndi izi: maneti awiri a mankhwala ndi singano ndi ulusi wosokera akabooka, kasola kakang'ono kotchajira foni ndi nyali, WaterGuard wa miyezi itatu, mapaketi a Thanzi ORS, jekete yoyandamitsa m'madzi ya saizi yake, nsapato zolimba za pamiyala, malaya a manja aatali, ndi ndowa ziwiri za zivindikiro. Mabuku akulungidwe mu pulasitiki kawiri, popeza katundu amanyowa potsika sitima kulowa m'maboti aang'ono. Malonjezo a pamwezi ulendo uno tilemba m'buku, ndi siginecha.

Agogo alibe Facebook. Wina wa pa Chizumulu amene awerenge izi, chonde pitani pa mlambe paja mukawawerengere mokweza, khutu lakumanzere ndi limene limamva bwino. Muwauze kuti mwana wawo wafika, wadya, ndipo akugona mu neti yosabooka. Muwauzenso kuti kamphika kawo ka ndiwo kapezeka m'chikwama mwake, kabwera pa Ilala ya sabata yamawa pamodzi ndi magalasi owerengera amene anapempha ndi thumba la ufa woyera.