Tsiku limene ndinamera minga pachifuwa

Masabata atatu athunthu ndinakhala ndikulimbana ndi ferrofluid mu labu, abale inu. Kwa amene simunaionepo, ndi mafuta akuda bii omwe muli tizidutswa ta magnetite, mwala wa chitsulo wokokedwa ndi maginito, tating'ono zedi, ngati ma nanomita 10 basi, ndipo ukayandikitsa maginito mafutawo amaimika minga ngati nungu yakwiya. Anayambitsa ndi Steve Papell wa ku NASA, bungwe la ku America loona za maulendo a kumwamba, mu 1963, iye ankafuna azikoka mafuta a roketi ndi maginito kumwamba kuja kumene zinthu zimangoyandama. Ine za roketi ndinalibe nazo ntchito, ndimangofuna ana a chaka choyamba andione ngati pulofesa.

Kapangidwe kake nkovuta. Umasakaniza iron chloride wa mitundu iwiri, nkuthira ammonia yemwe fungo lake limakutulutsa misozi ngati wamenyedwa, kenako oleic acid kuti tizidutswa tija tisamatirirane, pomaliza nkusungunula mu parafini. Kawiri konse ndinangopanga matope. Kachitatu zinatheka, ndipo ndinavina ndekhandekha.

Tsiku lowonetsa ndinatchena shati yoyera yositasita, jasi ya labu ndinaisiya dala poti imabisa kutchena. Maginito anga a neodymium, aja okoka mpaka kukupana chala, ndinawaponya m'thumba la pachifuwa kuopa kuti wina angawasowetse. Ndiye ndikulongosola mwamatama, manja uku ndi uku, ndinawerama pa mbale ya mafuta aja kuti ndiloze bwinobwino.

Fyuu! Mafuta ananyamuka okha m'mbale nkudzakakamira pathumba. Kuyang'ana pachifuwa, minga yakuda ili njoo, yonyezimira, yokongola kuposa yomwe ndinapangapo pa tebulo. Ana aja mmalo mondithandiza anatulutsa mafoni, wina mpaka kuwomba m'manja poganiza kuti ndi mbali ya phunziro.

Adokotala omwe amatiyang'anira anali pakhomo, anangokuwa kuti, "Achimwene, musachotse maginitowo!"

Koma dzanja linali litalowa kale m'thumba. Pokoka, mafuta anatsatira maginito mpaka pakolala, ndipo nditawataya kutali ndi pomwe zinavuta zenizeni. Tizidutswa tating'ono choncho sitisunga mphamvu ya maginito ayi, ukangochotsa maginito timaiwala nthawi yomweyo, ndiye minga yonse ija inangoti phwaa nkusanduka mafuta wamba, chuu kutsika pamimba, palamba, mpaka pa thalauza pamalo poti sindingatchule. Zimenezi ndinali nditazilemba ndekha pa bolodi mphindi zisanu zapitazo, superparamagnetism, zilembo zikuluzikulu.

Ndinathamangira pampopi. Madzi ndi parafini mukudziwa sizigwirizana, banga linangokula. Ndinayesa kulikoka ndi maginito omwe aja, anangotolako pang'ono, zotsala zinali zitalowerera kale mu ulusi, komanso maginitowo anadumphira pa chitsulo cha lamba nkundipana khungu la pamimba. Ndinakuwa mawu omwe aphunzitsi sayenera kukuwa.

Adokotala anandibwereka jasi yawo, akuseka mpaka kutsamira khoma. Amvekere, "Koma minga yake inatuluka bwino, tizidutswa tanu sitinamatirirane. Mulembe mu lipoti."

Shati ija ndachapa kasanu, banga likadali pompo. Ana aja dzina langa lenileni analiiwala, ndikamadutsa amangoti a Nungu abwera.