Heavy metal pa ukwati wa ku Chikwawa

Anatiyika m'mavuto ndi msuweni wanga. Anapita ku Gaborone kukafuna ntchito ya zomangamanga, ndipo m'chaka cha 2010 anabwerako alibe ngakhale khobidi, koma atavala jekete lachikopa, nsapato zosongoka ndi chipewa chachikulu, gitala yamagetsi ili kumsana. Anatiuza kuti ku Botswana heavy metal, nyimbo zija za magitala aphokoso ndi kubangula, si nkhani yamasewera. Kuli magulu ngati Wrust a ku Gaborone ndi Overthrust a ku Ghanzi, ndipo owakonda amavala zikopa zakuda ngakhale dzuwa la ku Kalahari liswe mtengo. "Atswana akutha, nanga ife a ku Ndirande chingatikanike n'chiyani?"

Tinalipo anayi. Iye pa gitala, mnyamata wina wa kwaya pa bass, wina pa ng'oma, ine pa maiki. Sanandisankhe chifukwa cha mawu anthetemya ayi. Nthawi imeneyo ndinkayitanira minibasi, ndiye anati munthu wokuwa "Limbe! Limbe!" kuyambira m'mamawa mpaka madzulo ali ndi mapapo oyenera. Dzina la gulu musandifunse. Msuweni ankafuna la Chingerezi lokhala ndi imfa mkati, wa bass n'kukana kuti mayi ake ndi a Mvano angamuthamangitse pakhomo. Gulu linatha tikadakanganabe.

Tinkaphunzirira kuseri kwa chigayo cha amalume, chifukwa chigayo chikamalira palibe ankatha kusiyanitsa phokoso lathu ndi la mphale. Kumeneko msuweni ankatilalikira mbiri. Ankati zonse zinayambira ku Birmingham mu 1968 ndi gulu la Black Sabbath, ndipo woyimba gitala wawo Tony Iommi anaduka nsonga za zala ziwiri pa fakitale yazitsulo, kenako n'kumamasulako nsambo kuti zisamupweteke, mawu a gitala n'kukhala olemera. Naye msuweni anamasula zake, ngakhale ndikuganiza kuti ankangoopa kuti zikaduka alibe ndalama yogulira zina. Ine ntchito yanga inali kubangula. Ankandiuza kuti mawuwo azichokera m'mimba osati pakhosi. Ndinkavomera ndi mutu n'kumawatulutsabe pakhosi.

Mwayi unabwera mu Okutobala. Mnzawo wa amalume ankakwatitsa mwana wake ku Chikwawa, ndipo anamva kuti kuli anyamata amene angayimbe ulere bola nsima ndi thiransipoti. Atafunsa mtundu wa nyimbo, amalume anangoti "zachizungu". Bambowo anaganiza country. Wa bass anakabwereka amplifaya ya kwaya, n'kuwauza akulu a mpingo kuti tikupita kukasangalatsa banja latsopano, zomwe mwa njira ina zinali zoona.

Amene anatsikako ku Thabwa mwezi umenewo akudziwa zomwe ndikunena. Mpweya umene umalowa pawindo umachita kuwotcha nkhope. Ine ndinali m'jekete la pakaunjika limene wogulitsa analumbira kuti ndi lachikopa, pamene linali pulasitiki weniweni. Msuweni analetsa kuvula. Anati wa metal savula jekete.

Perekani-perekani atafika pakati, mkulu woyendetsa mwambo anatiyitana. Anthu anawomba m'manja, amayi ena n'kululutira. Msuweni anaponda kabokosi kake ka distortion, kochititsa gitala kulira mwaukali, wa ng'oma n'kuyamba kumenya ngati ali ndi mangawa ndi ng'omazo, ine n'kutsegula kukamwa.

Makanda onse m'holomo analira nthawi imodzi. Mkwatibwi anagwira mkono wa mwamuna wake. Wa bass, amene ankadziwa bwino nkhope za anthu opemphera, anayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka kubisala kuseri kwa sipika. Kenako msuweni anakweza dzanja n'kuonetsa chizindikiro chija cha zala ziwiri zooneka ngati nyanga, ndipo ndinamva mayi wina akukuwa kuti, "Mwazi wa Yesu!"

Ine zambiri sindinazione, chifukwa ndinali pa ntchito yovuta kwambiri, yogwedeza mutu. Umatsitsa, kudzutsa, kutsitsa, kudzutsa, kwinaku ukubangula. Nditadzutsa ulendo wina ndinaona zodabwitsa: holo yonse yayimirira, anthu akukankhana kupita kutsogolo, ndalama zili m'manja. Madala a jekete ndi tayi, amayi a chitenje cha yunifolomu, ngakhale achinyamata amene pa ukwati amangodikira mpunga. Ma K500 ankagwera m'beseni, ndipo masiku amenewo K500 ndiyo inali ndalama yaikulu yapepala m'dziko muno. Mtima unandiuza kuti zatheka. Chikwawa yagonja. Ndinabangula mowirikiza, mutu n'kuugwedeza ndi mphamvu zonse.

Chimene sindinamve chifukwa cha phokoso lathu lomwe ndi chakuti mkulu wa mwambo uja, munthu wochenjera kwabasi, anali atatenga maiki ina n'kulengeza kuti, "Abale ndi alongo, amene akufuna kuti ana athuwa akapumule, aponye kangachepe m'beseni. Likadzadza tiwazimitsa."

Sanachite kutizimitsa. Thukuta linali litadzadza m'pulasitiki muja, m'maso munachita mdima, chipumi n'kugunda chitsulo cha maiki, ine uyo chagada. Anandiuza pambuyo pake kuti miyendo inkagwedezekabe motsatira ng'oma, ndipo zimenezi zinatsimikizira aliyense kuti chiwanda chikutuluka. Amayi atatu anandizungulira n'kuyamba kudzudzula mizimu yoipa. Agogo ena aakazi, amene anali ndi nzeru kuposa tonse, anati mwanayu wangokomoka ndi kutentha, n'kutenga ndowa ya madzi osamba m'manja. Maso awo sankaona bwino. Theka la madziwo linandipeza ine, theka linalo linapeza amplifaya ya kwaya, imene inalira kamodzi n'kutulutsa utsi.

Ndalama za m'beseni zinapita kwa eni ukwati monga mwa mwambo. Ife tinabwerera ku Blantyre ndi ngongole ya amplifaya, ndipo msuweni anagulitsa gitala ndi chipewa chomwe kuti tilipire. Wa bass anamuyimitsa kwaya kwa kanthawi. Ine mawu anatheratu, moti pa siteji ndinkangoloza minibasi ndi chala, anzanga n'kumanditengera makasitomala ndikuona.

Chakumapeto kwa Novembala, bambo a mkwatibwi uja anabwera ku chigayo kudzatifuna. Ndinaganiza kuti abwera ndi mlandu. Anandigwira chanza ndi manja awiri n'kunena kuti owerengera ndalama anapeza kuti gawo lathu ndi limene linasonkhetsa zambiri tsiku lonse, kuposa la keke.

"Ndiye mwana wanga wachiwiri akukwatiwa mu Disembala. Mubwere ndithu, ndipo jekete lija musaliyiwale."