Zikomo kwa madala amene anatisenzera batire

Ndangofika kumene panyumba, nsapato sindinavule, choko chidakali m'zala. Mayi a kunyumba akuti ndidye kaye, ndidzalemba mawa. Koma ndikudzidziwa ine, mawa ndidzayamba kusankha mawu, ndiye bola ndilembe lero lomwe mtima udakali wotentha.

Zatheka abale anga. Ana 38 a kalasi yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi lero aonetsa makolo awo zimene takhala tikulimbana nazo kuyambira mu Malichi. Mwana aliyense wayatsa yekha kompyuta, walemba dzina lake, mudzi wake ndi mawu akuti Moçambique, wasunga, n'kuzimitsa bwinobwino, osati kungozula chingwe ngati mmene ankachitira masiku oyamba aja. Tinayamba ndi ana 51. Ena anatengedwa ndi ntchito yakumunda nthawi yokumba mbatata, awiri anasamukira kwa abale awo kutsidya, cha ku Dedza. Otsalawo afika nawo pamapeto. Ambuye alemekezeke, chifukwa ine pandekha ndikanasiyira panjira kalekale.

Nkhani ya kubedwa kwa sola imene inkatchaja batire la makompyuta athu mukuidziwa, ndinakulirirani kale pano mu Meyi. Nkhani ya malungo amene anandigoneka mu Ogasiti mukuidziwanso. Sindibwereza. Koma pali chinthu chimodzi chimene sindinakuuzeni, ndipo ndichimene chandiletsa kudya usiku uno.

Sola itabedwa, anthu ambiri analoza chala madala athu olondera pasukulu. Usiku umenewo iwo kunalibe, anali kuchipatala ku Ulongwe kudikirira mayi a kwawo, ndipo anali atatsanzika kwa a diretori, akulu a sukulu yathu. Komabe mphekesera sizifunsa. Kumsika, kumjigo, ngakhale pakati pa ife aphunzitsi, kunali kunong'ona kuti mlonda amadziwa tsiku lochoka. Ndipo ine amene ndikulembanso, kwa masiku awiri ndinakhulupirira. Ndinawalonjera monyinyirika. Iwo anaona, sananene kanthu.

Tsiku lachitatu ndinawapeza m'kalasi ataima pafupi ndi batire, chipewa chili m'manja. Anandifunsa kuti, “Aphunzitsi, kodi chinthuchi chimangodya dzuwa lokha, kapena magetsi a m'golosale chingadyenso?” Ndinati chingadye, koma malo apafupi amene ali ndi magetsi ndi kumsika, ulendo woposa ola panjinga, ndipo batire la galimoto si mtolo wa nkhuni, n'lolemera. Anangoti, “Njinga ilipo.”

Kuyambira pamenepo mpaka lero, katatu pa sabata, munthu wamkulu wa imvi zake wakhala akuchoka kolondera m'mamawa, kumanga batire pa keliyala ndi malegeni, kupalasa kupita kumsika, kulisiya lidye moto, masana n'kubwerera kukalitenga kuti tsiku lotsatira ana aphunzire. Inu a ku Tete kumzinda, amene mumagona panja chifukwa cha kutentha, simungamvetse chisanu cha kuno ku Angónia mu Juni ndi Julaye. Nkhungu imatseka njira, zala zimakana kugwira handulo. Iwo ankavala masokosi akale m'manja, n'kumapita. Tsiku lina asidi anatayikira n'kuwadyera thalauza kumbuyo konse. Ine ndinadziwa patapita sabata, nditaona chigamba cha thumba la feteleza chimene anayala pa keliyala. Nditawafunsa anaseka, amvekere, “Thalauzalo linali lotopa kale.”

Madala, mwandiletsa kutchula dzina lanu pano, ndamvera. Koma mdzukulu wanu akuwerengerani zimenezi, ndipo ndikufuna amene ananong'ona aja awerengenso. Pepani. Ndinakulakwirani mumtima, ndipo inu munandiyankha ndi msana wanu.

Kwa amene mwayamba kunditsatira posachedwa, makompyuta amene ndikunenawa si a kalasi yonyezimira ayi. Ndi malaputopu anayi akale amene msuweni wanga wa ku Moatize anatipezera pamene kuntchito kwawo ankasintha zipangizo. Ndinabwera nawo pa chapa, nditawakulunga m'kapulana ya mayi a kunyumba, ndili nawo pamiyendo njira yonse kudutsa pa Mussacama mpaka ku Ulongwe, osalola kondakitala kuwaika kumbuyo pamodzi ndi matumba. Mabatire ake a m'kati anafa kalekale, ndiye moto ukangoduka, chilichonse chimathima nthawi yomweyo. N'chifukwa chake zonse zinkadalira batire limodzi la mavoti 12 ndi inveta yosandutsa motowo kukhala 220. Walira mvula walira matope. Ine ndinalira makompyuta, matope ake ndi amenewo.

Inveta ija imalira moto ukatsala pang'ono. Madala anaiphunzira kuposa ine. Ankakhala pakhomo pa mpando wawo wa ndalema, ikangoti tswii, iwo n'kudzambatuka, kukuwa liwu la Chipwitikizi lotanthauza kusunga: “Guardar! Guardar, ana inu!” Munthu amene sanapiteko kusukulu, amene posaina amadinda chala, ndi amene waphunzitsa ana athu kuti ntchito yosasunga ndi ntchito yotayika. Mpaka pano ana akamuona mnzawo akulemba nthawi yaitali osasunga, amamukuwiza ndi mawu a madala, kutsanzira ndi kutsokomola kwawo komwe.

Ndikakumbukira sabata yoyamba ndimaseka ndekha. Nditawauza kuti kachipangizo kogwira m'manjaka dzina lake ndi rato, kutanthauza mbewa m'Chipwitikizi, kalasi yonse inagwa ndi phwete, wina amvekere, “Aphunzitsi, ndiye tiwotche?” Mnyamata wina ankakanyamula m'mwamba n'kumakalozetsa ku sikirini ngati tochi. Kudina kawiri kunativuta pafupifupi mwezi. Ana ozolowera khasu amadina ngati akuswa mtedza, kapena amadina kamodzi, n'kupuma, n'kudinanso. Ine ndinafotokoza m'Chipwitikizi, ndinafotokoza m'Chichewa, osatheka. Madala ali pakhomo paja anangoti, “Jomphani ngati nkhuku pa chimanga, jo jo.” Basi. Tsiku lomwelo theka la kalasi linatha. Zaka zonse zimene ndinakhala pa maphunziro a uphunzitsi sizinandipatse mawu amenewo.

Makompyuta anayi, ana oposa 40, moto wa maola awiri. Muwerengere nokha kuti mwana mmodzi ankagwira mphindi zingati. Ndiye tinajambula makiyibodi pa makatoni a sopo, aliyense yake, zilembo zonse m'malo mwake. Pa F ndi pa J, pamene kiyibodi yeniyeni ili ndi timizere totukuka toti zala zolozera zizipeza malo osayang'ana, ana anamata njere za mapira ndi ulimbo. Amene akudikira mpata ankalemba pa katoni, mnzake akumuitanira mawu. Makolo ena ankaseka kuti tikusewera zawana. Lero ndaona mayi wina amene ankaseka kwambiri akupukuta misozi ndi nsonga ya nsalu, mwana wake akulemba osayang'ana zala.

Malaputopu awiri anabwera ndi kiyibodi yachingerezi, yopanda Ç. Tangoganizani, mwana wa ku Mozambique kulephera kulemba dzina la dziko lake mmene amalilembera m'kope! Achimwene okonza mafoni kumsika wa ku Ulongwe ndi amene anatisinthira kuti izilemba Chipwitikizi, n'kutionetsa kuti batani loyandikana ndi L ndi limene likhale Ç. Tinamatapo kapepala. Anatiphunzitsanso kuti kachizindikiro ka pamwamba pa ã umayamba kudina iko, kenako chilembo, apo ayi mayina ngati João satuluka. Achimwene, munatsegula laputopu imene inalowa nyerere, munaipukuta fumbi ndi kaburashi ka m'mano, ndipo munakana ndalama kawiri konse. Munatichenjezanso kuti batire la galimoto silinapangidwe kuti lizitheratu moto, tikamalikama mpaka kuuma lifa msanga. Tinamva, koma sitikanachitira mwina. Mulungu akudalitsireni manja anuwo.

Chimene chinandikhudza kwambiri pa miyezi yonseyi ndi cha mtsikana wina wachete wa kalasi yachisanu. Ndinawauza kuti aliyense alembe chiganizo chimodzi m'chilankhulo cha kunyumba. Iye analemba za agogo ake, n'kuyamba kulira. Nditapita ndinapeza mawu ake onse ali ndi mzere wofiira kunsi. Kwa mwana wa sukulu, chofiira ndi cholembera cha aphunzitsi, ndiye kuti walakwa zonse. Ndinagwada pambali pake kumuuza kuti sanalakwe ngakhale liwu limodzi, kompyutayi ndi imene sidziwa Chichewa, ikungodziwa Chipwitikizi chimene anaiikamo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa, “Ndiye tiiphunzitse?” Ndinamuonetsa podina kuti liwu lilowe m'dikishonale yake. Kuyambira tsiku limenelo laputopu ya pakona ija yaphunzira mawu ambirimbiri, nsima, ndiwo, agogo, chimanga, ndi ena oti sindingawalembe pano amene anyamata anaikamo ine nditatuluka. Mtsikana yemweyo ndi amene ankatsogolera anzake sabata ziwiri zimene ndinagona ndi malungo, madala akuyang'anira batire ndi phokoso.

Mnyamata wina anandifunsanso funso limene mpaka lero likundizungulira m'mutu. Anati m'buku tinawerenga kuti damu la Cahora Bassa lili ku Songo, m'chigawo chathu chomwe chino cha Tete, ndipo magetsi ake amafika mpaka ku South Africa, nanga bwanji athu amabwera panjinga? Ndinamuuza kuti atsegule Paint ajambule nyumba.

Ndithokoze a diretori potipatsa chipinda chokhala ndi chitseko cholimba ndiponso poima nane pamene ena ankati nthawi imeneyi ndi yongotaya. Ndithokoze bambo a golosale kumsika, amene kuyambira mu Julaye anasiya kutilipiritsa potchaja batire ataona chigamba cha madala. Amayi a komiti ya sukulu, munazira pansi kuti fumbi lichepe, munasoka nsalu zovundikira makompyuta. Anzanga atatu amene munatumiza kangachepe pa M-Pesa ndi e-Mola inveta itapsa fyuzi, mukudzidziwa. Msuweni, ukaona izi undiimbire, foni yako sikupezeka. Mayi a kunyumba, munapirira mwamuna wobwera usiku Loweruka lililonse, ndipo kapulana yanu ija sinabwererebe, ndikudziwa.

Aliponso ena. Amene munalonjeza sola yatsopano pamaso pa anthu, kenako foni yanu n'kumangoitana osayankhidwa. Amene munkafunsa kuti kodi kompyuta amadyera nsima. Lero ndakuonani mwafika msanga, mwakhala kutsogolo, mwajambulitsa mutagwira rato chozondotsa. Zikomo pobwera, mipando inalipo yokwanira.

Koma madala sanakhale kutsogolo. Ndinawaikira mpando pafupi ndi amfumu, iwo anakana, akuti malo awo ndi pakhomo, pafupi ndi batire. Pa 12 Okutobala, tsiku la aphunzitsi, ife tinavala zofanana, tinayamikiridwa, tinadya mpunga. Iwo tsiku limenelo anali pamsewu ndi njinga, chifukwa Lolemba lake kunali phunziro. Zimenezi zakhala zikundiwawa, ndiye lero ana atamaliza ndinaimirira n'kunena pamaso pa makolo onse zimene ndalemba pamwambazi, kuphatikizapo kulakwa kwanga. M'chipinda munangoti zii. Ena anaweramitsa mitu, ndipo ndikudziwa chifukwa chake.

Kenako mdzukulu wawo anapita kukawagwira dzanja, kuwakokera pa laputopu ya pakona. Anawakhazika pansi, anatenga chala chawo cholozera, chokhakhala ngati khungwa, n'kumachiika pa chilembo chimodzichimodzi. Chilembo choyamba chinatuluka kasanu chifukwa anakanikiza osachotsa, ana n'kuseka, iwonso n'kuseka. Mwanayo anafufuta, anayambiranso. Dzina litatha anawauza kuti, “Agogo, ndi inu amenewo.” Iwo anayandikira sikirini, anayang'anitsitsa, anafunsa kuti bwanji lili ndi mzere wofiira kunsi. Mtsikana wathu uja anadumpha pamene anakhala, kudzalilowetsa m'dikishonale. Mzere unachoka. Nthawi yomweyo inveta inalira, ndipo kalasi yonse, makolo omwe, inakuwa pamodzi kuti “Guardar!” Anadina okha.

Ambuye, inu amene mumaona zam'tseri, madala amenewa muwakumbukire. Muwapatse mphamvu m'mawondo, muchiritse mayi a kwawo amene mpaka pano sanapezebe bwino. Ine ndilibe choti ndingawabwezere, thalauza limene ndawagulira ndi la manyazi poyerekeza ndi zimene achita.

Batire lija latopa, pano silikutha ngakhale ola limodzi, ndipo mvula ikayamba njira ya kumsika idzakhala matope okhaokha. Ndinawauza madala potsanzikana kuti apume kaye, za chaka chamawa tidzaona sukulu ikadzatsegulira. Anavomera, amvekere “Chabwino aphunzitsi.” Ndikutuluka pageti ndinacheuka, ndinaona akulimanga pa keliyala. Akuti ana a kalasi yachinayi akhala akusuzumira pawindo chaka chonse, ndipo anawalonjeza Lachiwiri.