Zikwama Zathu za Chitenje ndi Lamulo la Majumbo Lomwe Linagwa pa Riferendamu ku Seattle

Mwezi uno tatuluka m'galaja momwe takhala tikusokera kuyambira chaka cha 2008, ndipo talowa m'shopu yathu yoyamba yokhala ndi chikwangwani pakhomo, kuno ku Rainier Valley mumzinda wa Seattle. Ambiri mwa omwe abwera kudzasangalala nafe akhala akundifunsa kuti zinatheka bwanji kuti mayi wa ku Zomba, amene anabwera ku America n'kumagwira ntchito yosamalira okalamba, afike pokhala ndi bizinesi yosoka zikwama za chitenje. Ndaona kuti ndi bwino ndilembe mbiriyi kamodzi, ndipo siingalongosoleke popanda kutchula lamulo lina la khonsolo ya mzinda uno, lomwe linatipatsa chiyembekezo kenako n'kutsala pang'ono kutikwirira m'ngongole.

Mu Julayi 2008, makhansala a Seattle anavomereza lamulo loti aliyense wogula m'sitolo za zakudya, za mankhwala ndi m'magolosale azilipira masenti 20 pa jumbo iliyonse yomwe wapatsidwa, kaya ndi yapulasitiki kapena yapepala. Ganizoli analitsogolera ndi a Greg Nickels, omwe anali mfumu ya mzinda, pamodzi ndi a Richard Conlin, omwe anali mkulu wa khonsolo, ndipo lamulolo linayenera kuyamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2009. Pa nthawiyo akuluakulu a mzinda ankati anthu a Seattle amagwiritsa ntchito majumbo pafupifupi 360 miliyoni pachaka. Nditamva chiwerengero chimenechi sindinagone tulo, chifukwa ndinkangowerengera mumtima kuti ngakhale anthu ochepa chabe mwa amenewa atafuna chikwama cholimba chopita nacho kumsika, ine wodziwa kupalasa makina kuyambira ndili mtsikana sindingasowe chochita. Ine ndi bambo a kunyumba tinaphatikiza ndalama za chipereganyu ndi ngongole yomwe tinatenga kwa wobwereketsa wina, tinagula makina atatu osokera, ndipo tinaitanitsa zitenje zambiri kuchokera ku Limbe.

Chimene sindinkachidziwa n'chakuti mumzinda uno lamulo likavomerezedwa ndi makhansala ndipo mfumu ya mzinda n'kusaina, nkhani imakhala isanathe. Malamulo oyendetsera mzindawu amapatsa nzika mpata wa pafupifupi masiku 30 woti zisonkhanitse masiginecha pa chikalata chopempha riferendamu, ndipo masiginechawo ayenera kufika 8 pa 100 alionse a mavoti omwe anaponyedwa pa chisankho chapitacho cha mfumu ya mzinda. Chaka chimenecho ankafunika masiginecha 14,374. Loweruka lina mu Ogasiti, ndikutuluka m'sitolo ina nditanyamula zikwama ziwiri zomwe ndinapita kukaonetsa kwa manejala, mnyamata wina wonyamula mapepala ndi cholembera anandiimitsa pakhomo n'kundipempha mwaulemu kuti ndisaine pokana msonkho wa majumbo. Ndinamuuza kuti sindine nzika ya dziko lino choncho sindili m'kaundula wa ovota, iye anangomwetulira n'kutembenukira kwa mayi amene ankabwera pambuyo panga, ndipo mayiyo anasaina asanawerenge n'komwe. Ndinapita kunyumba ndikuyesa kuti ndi phokoso wamba la anthu okonda kudandaula.

Kumapeto kwa mwezi womwewo, gulu lotsutsa lamuloli linapereka masiginecha oposa 20,000 ku ofesi ya kalaliki wa mzinda. Apa mpamene ndinayamba kuphunzira, mochedwa, momwe khonsolo imachitira ndi chikalata chotere. Makhansala sakhala pansi n'kukambirana ngati opemphawo akunena zoona kapena ayi, ndiponso alibe mphamvu yochikana chifukwa choti sichikuwasangalatsa. Kalaliki amatumiza mapepalawo ku ofesi ya zisankho ya King County, boma laling'ono momwe muli mzinda wa Seattle, komwe amayerekeza dzina lililonse ndi kaundula, n'kuchotsa amene sanalembetse kuvota, amene amakhala kunja kwa mzinda ndi amene asaina kawiri. Masiginecha ovomerezeka akakwanira, lamulolo limaimitsidwa, ndipo ntchito yomwe imatsalira makhansala ndi yolipereka kwa ovota, kaya pa chisankho chapadera kapena pa chisankho chomwe chili kale pa kalendala. Masiginecha aja anakwanira. Chisankho chapadera chimadya ndalama zambiri za mzinda, ndipo makhansala anaika funsolo pa chisankho cha pa 18 Ogasiti 2009.

Kwa makhansala kudikirako kunali kutsata ndondomeko, koma kwa ife chinali chaka chathunthu cholipira chiwongoladzanja pa katundu wosayenda. Sitolo ziwiri zomwe zinali zitalonjeza kupikula zikwama zathu zinati tidikire kaye zotsatira. Miyezi yomweyo chuma cha dziko lino chinagwedezeka, moti banki yaikulu ya Washington Mutual, yomwe likulu lake linali mumzinda momwe muno, inagwa mu Sepitembala 2008, ndipo anthu anayamba kuumira pa senti iliyonse. M'galaja mwathu munali makatoni ofika kudenga, ndipo chifukwa cha mvula ya kuno yosadziwa kukata, zikwama za m'makatoni apansi zinayamba kununkha nkhungu, moti usiku ndikaweruka kwa okalamba ndinkazitulutsa chimodzichimodzi n'kumazisita kuti ziume. Wobwereketsa uja, amene tsiku losainirana anatipatsa khofi n'kumatitcha abale ake, anayamba kuimba foni m'mamawa kutikumbutsa kuti galimoto yathu ndi chikole. Sindimutchula dzina, koma ngati akuwerenga adziwe kuti ngongole yake tinamaliza yonse, ndipo makalata ake otipempha kuti tidzabwerekenso timayatsira mbaula ya nyama.

Ife a ku Malawi liwu loti riferendamu timalilemekeza, chifukwa limatikumbutsa za pa 14 Juni 1993 pamene anthu anasankha zipani zambiri, ndipo ine ndinkakhulupirira kuti anthu a mzinda wokonda zachilengedwe ngati uno sangakane lamuloli. Koma bungwe la American Chemistry Council, lomwe limaimira makampani opanga mankhwala ndi mapulasitiki, linaika ndalama pafupifupi madola 1.4 miliyoni pa kampeni yokana, pamene mbali yovomereza inali ndi zochepa kwambiri poyerekeza. Kunena chilungamo, si ndalama zokha zomwe zinagwira ntchito, pakuti anansi anga ena, anthu olandira malipiro ochepa, ankandiuza maso ndi maso kuti masenti 20 pa jumbo ndi katundu wolemera kwa mayi wa ana anayi, ndipo sindikanawatsutsa. Usiku wa zotsatira tinakhala pa kompyuta ine ndi bambo a kunyumba mpaka zinaonekeratu kuti lamulolo lagwa, ndipo pomaliza kuwerenga okana anali pafupifupi 53 pa 100 alionse. Pa chisankho chomwecho a Nickels anathera pa nambala yachitatu ndipo mpando wawo unawapulumuka. Bambo anazimitsa kompyutayo n'kunena kuti, "Amayi, zikwamazi sitidya, mawa tikazigulitse tokha."

Umu ndi momwe tinayambira kuyala katundu pa msika wa Lamlungu wa ku Fremont, dera lina la mumzinda muno, ndipo kumeneko tinapeza kuti anthu ankagula chikwama chifukwa cha maluwa a chitenje ndi kulimba kwa msoko, popanda lamulo lowakakamiza. Tinagulitsa makina amodzi kuti tipume, ndipo zaka ziwiri zotsatirazo tinangoti kakaka, osabwerera m'mbuyo.

Mu Disembala 2011 khonsolo inabweranso ndi njira ina. M'malo mwa msonkho, makhansala onse 9 anavomereza kuletseratu majumbo apulasitiki opyapyala ndi kuika masenti 5 pa thumba lapepala, kuyambira pa 1 Julayi 2012. Ulendo uno sindinagule ngakhale ulusi umodzi kufikira masiku a chikalata atadutsa. Analipo omwe anayesa kusonkhanitsa masiginecha, koma sanakwanitse chiwerengero, ndipo nditatsimikiza zimenezi mpamene ndinaitanitsa nsalu ndi kulemba telala wathu woyamba. Kuyambira pamenepo ndimatsatira zochitika za khonsolo ngati momwe mlimi amayang'anira mitambo. Ndinaonanso mu 2018 kuti makhansala ali ndi khomo lina lotulukira, pamene anavomereza onse msonkho wa madola 275 pa wantchito aliyense wa makampani akuluakulu mu Meyi, koma ataona kuti masiginecha a riferendamu akuchuluka, anaufafaniza okha pa 12 Juni ndi mavoti 7 kwa 2, nkhaniyo isanafike kwa ovota. Kwathu ku Malawi makampani a mapulasitiki opyapyala anathamangira kukhoti kukatenga ziletso boma litaletsa mapulasitikiwo mu 2015, pamene kuno amathamangira pakhomo la sitolo ndi cholembera, koma wamalonda wamng'ono amene wagula kale katundu amadikira chimodzimodzi.

Ndikuthokoza bambo a kunyumba, omwe ankayendetsa galimoto usiku kuti ngongole ija isatimize, ndi ana athu omwe anakula akudula ulusi m'malo moonera kanema. Ndikuthokoza amayi a chipereganyu chathu, omwe anandilola kudumpha mwezi kawiri konse popanda kundinyoza, komanso a mpingo omwe anagula zikwama zonunkha nkhungu zija n'kumati n'zabwino. Ndikuthokoza achemwali anga ku Limbe, omwe amayenda sitolo ndi sitolo kusankha zitenje zosasuluka, makamaka chichokereni wogulitsa wina amene anatitumizira nsalu zomwe zinasanduka zotuwa pa kuchapa koyamba n'kusiya kuyankha foni. Sindingaiwale matelala athu anayi, ndi makasitomala a ku Fremont omwe ena mpaka lero amabwera ndi chikwama chomwe anagula mu 2009 kuti tingowasokera chogwirira.

Kuyambira pa 1 Okutobala 2021 chiletso cha majumbo opyapyala chinafalikira m'chigawo chonse cha Washington, momwe muli mzinda wa Seattle, choncho kulikonse komwe mungakagule zinthu ndi bwino kunyamula chikwama chanu. Zathu n'zansalu ziwiri, chitenje kunja ndi nsalu yokhuthala mkati, zogwirira zake timazisoka mobwereza katatu, ndipo zimachapika m'makina. Tili ndi zazikulu zokagulira zakudya, zapakati zonyamulira mabuku ndi laputopu, ndi zing'onozing'ono zopinda zolowa m'thumba la jekete. Timalandiranso maoda a maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mipingo, ndipo mwezi uno wotsegulira shopu aliyense wogula zikwama zitatu tikumuwonjezera kachikwama kopinda kaulere. Amene muli kutali tilembereni pa tsamba lathu la Facebook, ndipo maoda a Khirisimasi tikupempha kuti afike Novembala asanathe kuti matelala akhale ndi nthawi yokwanira.