Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chaka chimene amalume anakwiyira wayilesi

M'gawo lapita ndinalekezera pamene fizi inavuta, ine n'kusiyira sukulu panjira ndili Fomu 2 ku Nsanje. Amayi ananditumiza ku Ngabu kwa alongo awo, amene anali ndi kagolosale pafupi ndi msika. Ndinafika kumayambiriro kwa 1999, mapira asanache, paliponse nkhani ili ya chisankho.

Ntchito yanga inali kuyeza mchere ndi shuga, kugulitsa palafini, ndi kuyang'anira wayilesi. Yachitatuyi musaipeputse. Inali wayilesi ya kaseti yodya mabatire akuluakulu, ndipo masana ndinkawayanika padenga kuti akokeko mphamvu. Dzuwa la ku Ngabu likanakhala kuti limatchajadi, bwenzi titagula batire kamodzi kokha moyo wonse. Likapendeka, pakhonde pankadzaza: alimi a thonje, ogula ng'ombe, ndi anyamata a ku Sucoma, kampani ya shuga ya ku Nchalo, obwera kudzaona makolo.

Chaka chimenecho kuchigwa kuno kunali kwa Mbuya, monga anthu ankawatchulira a Chakuamba. A Gwanda Chakuamba, mwana wa ku Nsanje amene anakhala m'ndende kuchokera 1980 mpaka 1993, ankaimira MCP mogwirizana ndi AFORD ya a Chakufwa Chihana, kulimbana ndi a Bakili Muluzi a UDF. Ambiri pakhonde paja sanali a tambala wakuda kwenikweni. Ankangofuna kuona munthu wodziwa udzudzu wa m'dambo ndi madzi osefukira atalowa ku Sanjika.

Koma ukatsegula wayilesi ya boma, zinkamveka ngati pa mpikisanowo pali munthu mmodzi yekha. Msonkhano wa pulezidenti ankauulutsa kuyambira amayi akuyamba kuvina mpaka nduna yomaliza itathokoza, usiku n'kuubwerezanso. Wa otsutsa unkatha m'mizere iwiri, ndipo kawirikawiri mizereyo inali yoti anthu akutiakuti atuluka m'chipani. Chopweteka chinali chakuti ena pakhondepo anali atapalasa njinga kukaona okha khamu la ku msonkhano wa Mbuya, fumbi likadali m'tsitsi, kenaka wowerenga nkhani n'kudutsa osautchula n'komwe.

Kothawira kunalibe. TVM inayamba chaka chomwecho, koma kanema ndani anali nayo? Mawayilesi oima paokha anali atangobadwa ku Blantyre, ife sitinkawamva. Nyuzipepala zinkatsika ku Thabwa pa basi, kufika zitafota, ndipo iliyonse inali ndi eni ake odziwika: The Nation inakhazikitsidwa ndi a Aleke Banda, omwe anali nduna ya UDF, pamene Daily Times inali ya ku banja la a Kamuzu. Mphunzitsi wina wopuma ankagula zonse ziwiri akalandira penshoni, n'kumatiwerengera nkhani imodzimodzi kawiri, aliyense asankhe yekha.

Amalume analibe mtima wotero. Akangomva nthungululu zayamba m'wayilesi ankakuwa ali kuseri kwa kauntala:

"Iwe, tachotsa zimenezo! Mabatire anga asathere kuombera munthu m'manja. Ika kaseti."

"Iti, amalume?"

"Iliyonse yosanama."

Makaseti anali m'katoni ya sopo. Munali sungura ya ku Zimbabwe, ya magitala othamanga aja, imene anyamata ankavina mpaka zidendene kung'aluka. Munali ndombolo ya ku Congo, yomwe azakhali ankati njopanda ulemu koma phewa likugwedezeka. Munali rege ya ku Balaka. Munalinso kaseti ina yopanda chikuto, ya valimba, imene wina anajambula pa mwambo kumudzi. Chapakati pake pankamveka galu akuuwa ndi mayi akuitana mwana m'Chisena. Pofuna kusunga mabatire ndinkabweza kaseti ndi bolopeni, ndipo tepi ikatafunidwa ndinkailumikiza ndi utoto wopaka m'zikhadabo wa azakhali.

Anzanga amakonda kunena kuti nyimbo zakale zinali zabwino kuposa zalero. Ine sindivomereza zonse. Zina zinali za kiyibodi imodzi, zojambulidwa mothamanga, mawu akupsa ngati akuimbira m'chitini. Chimene zinali nacho n'chakuti zinkanena zimene nkhani za 7 koloko zinkalumpha: kukwera mtengo kwa zinthu kwacha itagwa mu 1998, ana amasiye, maliro a achinyamata amene tinkangoti adwala nthawi yaitali. Woimba akafika pa mawu otero, pakhonde pankamveka "eyaa" kapena "wanena", zomwe wowerenga nkhani sanapatsidwepo.

N'chifukwa chake lero, ndikaipeza imodzi mwa nyimbozo pa YouTube, sindikumbuka chibwenzi kapena dansi monga anzanga. Ndimakumbuka mkangano. Gitala akangoyamba ndimamva mawu a mphunzitsi uja akuwerengetsa maboma pa zala, wogula ng'ombe akubetcha mbuzi, amalume akulumbira kuti ulendo uno zatheka. Ana anga amadabwa kuti nyimbo yovina chonchi ikundikhalitsa chete bwanji.

Tinavota pa 15 Juni, chisankho chitasunthidwa kuchoka mu Meyi. Masiku odikira zotsatira amalume anagonja, anagula mabatire atsopano, kaseti osaikhudza. Zitatuluka, a Muluzi anapeza pafupifupi mavoti 52 pa 100 alionse, a Chakuamba 45. Nkhani inapita ku khoti pa funso lakuti wopambana ayenera kupeza mavoti ochuluka motani, ndipo funso lomwelo linadzabweranso mu 2020, makhoti n'kugamula kuti azidutsa theka la mavoti oponyedwa. Amalume anatukwana wayilesi ngati yalemba zotsatirazo ndi iyo, n'kuitsekera m'chipinda.

Anadzakhululukira mawayilesi patapita zaka, Zodiak itayamba mu 2005. Pa chisankho cha 2009 ndinawapeza ali ndi kope ndi pensulo, akuwonkhetsa okha manambala amene atolankhani ankawerenga kuchokera m'malo ovotera, akukangana ndi sipika.

Koma pamenepo ndadumpha. Mu 1999 momwemo, wayilesi itachoka pakhonde makasitomala a madzulo anachepa, thonje nalo silinagulidwe bwino, ngongole za m'kope zinakhala osabwezedwa. Pofika Ogasiti amalume anandiuza mosabisa kuti golosale singadyetse pakamwa pawiri, ndipo anandipatsa ya basi kuti ndikayese mwayi wodula nzimbe ku Nchalo. Za chikwanje ndi matuza ndikamba m'gawo lotsatira.