Buku lopanda malo ake

Milungu iwiri yathunthu nkhani ya ASRS, makina aja oyendetsedwa ndi kompyuta osunga ndi kutulutsa mabuku m'laibulale, imangondizunguza mutu. Usiku wathawu ndaimvetsa, ndipo mtima wakhala pansi.

Chimene chimanditsekereza ndi Dewey, njira ija yosanjira mabuku pashelefu potsata manambala a nkhani zake. Tazolowera kumva kuti buku likaikidwa pashelefu yolakwika ndiye kuti latayika, choncho ndinkadzifunsa kuti makinawo amadziwa bwanji pamene pali 330, nambala ya mabuku a zachuma. Kumeneko 330 kulibe! Ku Mansueto, laibulale ya University of Chicago yomwe inatsegulidwa mu 2011, mabuku amagona pansi pa nthaka m'mabokosi achitsulo, osanjidwa potengera kutalika kwake basi. La zachuma limatha kugona limodzi ndi la ndakatulo, bola msinkhu ukhale umodzi. Kompyuta ndiyo imasunga kuti barcode yakuti ili m'bokosi lakuti. Munthu akaitanitsa, chimakina chimakoka bokosi lonselo, wantchito n'kutulutsamo bukulo. Likabwezedwa silifuna pamene linachoka. Limalowa paliponse pamene pali mpata wa msinkhu wake, kompyuta n'kulemba malo atsopano. Ndiye chifukwa chake malo amenewo akhoza kusunga mabuku 3.5 miliyoni: palibe mpata wosiyira buku lobwera mawa, palibenso njira zoti anthu azidutsamo.

Chinanditsegula maso ndi mabokosi a machesi. Ndinasonkhanitsa asanu ndi limodzi, ndinadula timapepala tatitali ndi tatifupi, kalikonse ndi nambala yake, ndipo mng'ono wanga ankatisokoneza ine n'kumalemba m'kope. Ndinapeza kalikonse popanda kusakasaka. Kope lija ndiye laibulale yeniyeni. Ndikunenetsa, phunziro lililonse likhoza kumveka ndi mabokosi a machesi. Yesani.

Zimandiwawa kuti aphunzitsi athu anathera ola lonse akutiwerengera kuti makina oterewa anayambira ku California State University, Northridge mu 1991, osanena ngakhale kamodzi mawu akuti msinkhu. Nditakweza dzanja anati nthawi yatha. Mayeso nawo ndi Lachisanu.

Chikundivutabe ndi ichi. Mabuku amene ndimawakonda kwambiri ndinawapeza mwangozi, ndikufunafuna lina pashelefu yomweyo. M'bokosi lachitsulo ngozi yotere ichokera kuti? Nanga kwathu kuno magetsi akathima, buku lili m'kati, munthu mayeso ali mawa? Mwina katalogi ya pakompyuta ingathe kulowa m'malo mwa kuyendayenda pakati pa mashelefu, koma mtima wanga sunavomerebe.