Zikomo nonse, kafukufuku uja wavomerezedwa

Abale ndi abwenzi, dzulo aphunzitsi oyesa avomereza kafukufuku wanga wa digiri yachiwiri. Ndati ndithokoze poyera, chifukwa ndekha sindikanafika pano.

Ndiyambe ndi aphunzitsi ondiyang'anira. Ndi iwo anandigwiritsa mwala wozungulira, woswedwa pakati, mkati mwake muli nsomba yathunthu, mamba ali ndondondo, nkundifunsa kuti waumba mwalawu ndani. Yankho lake ndiye kafukufuku wanga yense.

Nyama ikafa nkukwiririka m'matope a pansi pa nyanja yamchere, okosijeni amatha msanga. Mabakiteriya opuma ndi sulphate (mchere wina wa m'madzi a m'nyanja) m'malo mwa okosijeni amayamba kudya mnofu uja, nkumatulutsa mankhwala otchedwa bicarbonate. Nayo minofu ikamawola imatulutsa ammonia, yemwe amachepetsa asidi m'madzi ozungulira mtembowo. Zikatero calcium wa m'madzi amagwirana ndi carbonate wochokera ku bicarbonate uja, pamapangika mwala wotchedwa calcite, nkumamata matopewo kuchokera pa mtembo kumka kunja. Matope ena akamadzalemera pamwamba, chigoba cha mwalachi chimakhala chitalimba kale, nsomba siphwatalala. N'chifukwa chake nsomba za m'miyala ya ku Araripe, ku Brazil, za zaka zoposa 100 miliyoni, zimapezeka thupi likadali lodzaza. Kuwola komweko ndi kumene kumamanga chigoba choisunga nyamayo. Mpaka lero zimandigwira mtima.

Aphunzitsi, ndinu munandiwerengetsa ntchito ya Robert Berner, yemwe mu 1968 anawoletsa nsomba m'madzi a m'nyanja kuti aone zimenezi ndi maso. Munandisonyezanso ya Hidekazu Yoshida ndi anzake a ku Nagoya, ku Japan, yoti miyala yotereyi imatha kuumbika m'miyezi kapena zaka zochepa chabe. Mulungu akudalitseni.

Mayi athu a mu labu, inu ndiye ndilibe mawu. Nditagonekedwa m'chipatala, munkalowa m'chipinda chonunkha chija m'mawa uliwonse, kutsegula mabotolo anga a nsomba zowola, kuyeza pH (muyezo wa asidi m'madzi), nkulemba manambala m'kope langa ndi dzanja lanu. Mukanadumphitsa masiku amenewo, ndikanayambiranso pachiyambi. Ndipo sinali ntchito yanu.

Anzanga a m'kalasi, zikomo pocheka nane miyala mpaka usiku.

Amayi anga, munandisamala matenda onse aja osadandaula. Ndikamafotokoza za mabakiteriya munkamvetsera mpaka kumapeto, kenako nkufunsa ngati ndamwa mankhwala. Achimwene, ndalama za fizi zija sindidzaiwala. Tsiku lolandira digiri likadziwika ndidzakuuzani nonse, mudzabwere tidzasangalale limodzi.